Mawu Amene Anatsitsa Teodoro pa Lole

Amene amanena kuti Teodoro Kalanje analephera kupeza karta yoyendetsera lole chifukwa cha umbuli atseke pakamwa, mungalowe ntchentche. Umbuli wake uti? Munthu anayendetsa lole zaka khumi ndi zitatu pa msewu wochoka ku Metangula kukwera ku Vila Kabrale, msewu woti ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye isanatsike, osagwetsako thumba limodzi la usipa, osaponda ndi nkhuku yomwe. Lero mukuti mbuli? Inuyo munayendetsapo chiyani, njinga yobwereka?

Teodoro anabadwira ku Msumba, m'banja la asodzi. Bambo ake anali ndi bwato limodzi ndi mawu aakulu oimbira m'tchalitchi. Mwanayo anaphunzira pa mishoni mpaka kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ndipo Chipwitikizi chake chinali choyera, chosachita kutafuna. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, asipayi, apolisi achikuda a Boma, anabwera kudzatola anyamata okakumba msewu wa kuphiri, iye n'kugwera m'gulumo. Tsiku lina piki inathyoka mpini. Kapitawo wachizungu anamuloza.

"Wathyola ndiwe?"

"Nau, sinyoro," anayankha Teodoro. Ndiye kuti ayi, bwana. Ndipo chinali chilungamo, sanathyole ndi iye.

Anamutengera ku posto, ku ofesi ya Boma. Mbalamatodya mumaidziwa? Kathabwa kozungulira, kobowola mabowo asanu, kuti pomenya chikhatho mnofu uzilowa m'mabowomo. Akamenya kamodzi, amafunsanso, wathyola ndiwe? Mnyamatayo anakana kakhumi, anakana kamakumi awiri. Pa kamakumi awiri ndi kanayi anati "sim, sinyoro," inde bwana, ndipo pomwepo kumenya kunaleka. Masabata awiri mayi ake ankamudyetsa kondowole m'kamwa ngati khanda, manja ali ndi mphonje za chikopa.

Kuyambira pamenepo mawu akuti nau anafera pakhosi pake akaona mzungu. Si iye yekha ayi. Gombe lonse kuchokera ku Nkholongue mpaka ku Msumba linkadziwa kuti mzungu sumukanira, umangomupatsa sim yoyenera. Inalipo sim yaifupi, yodula, ndiyo inde weniweni. Inalipo yokoka, siiim, maso ali pansi, kutanthauza kuti ndamva koma sindichita. Koma imene Teodoro anaikonza bwino kuposa wina aliyense ndi ija yokwera kumapeto ngati funso, mutu utapendekeka, chala chikukanda kuseri kwa khutu. Imeneyo inali kunena kuti bwana, mwasokoneza, taganizaninso. Mwana wa zaka zisanu ankaimva. Azungu okhalitsa kunyanja nawonso ankaimva, ngakhale ankanamizira kusamva.

Mmodzi mwa okhalitsawo anali Faria, mwini kantina, sitolo ya ku Metangula, amene anthu ankamutcha Gwirapano chifukwa ndi mawu okhawo a Chinyanja amene anaphunzira. Faria anali ndi lole yonyamula usipa wouma kupita nawo kumtunda, pobwera n'kutsitsa mchere, nsalu ndi palafini. Teodoro analowa ntchito yosenza matumba. Posakhalitsa anayamba kuyika khutu pa injini, kenako manja, ndipo pofika chaka chachitatu anali atakhala pa chiwongolero. Loleyo anaipatsa dzina, Chemwali. M'mawa ankaigogoda pamphumi n'kuifunsa mmene yadzukira. Mkazi wake Priska ankati, "Ndili pa mitala ine, mnzangayo amamwa mafuta."

Karta inali m'thumba la mlamu wake wa Faria, mkulu wina wamimba dzina lake Amadeu. Ntchito ya Amadeu inali kukhala pambali ndi botolo lake n'kumagona. Akatsala pang'ono kulowa mu Vila Kabrale, pa mtengo wina wa mango, ankasinthana. Amadeu ankayendetsa kamtunda kotsalako akukukuta magiya ngati galu pa fupa, Teodoro atatsinzina, mtima ukuwawa. Asipayi am'njira ankadziwa zonsezo. Usipa wodzaza chipewa unkatseka maso awo.

Mukadamuona akutsika phiri nthawi ya dzinja! Matumba a mchere mpaka pamwamba, amayi ndi ana atakhala pa katundu, dothi lofiira likuterera ngati therere. Ankalowetsa giya yachiwiri asanafike potsetsereka, phazi likungonyambita buleki, ndipo Chemwali ankatsika akubuula, pang'onopang'ono, ngati mayi wapakati akutsikira kudooko. Amayi oyembekezera a ku Metangula ankadikira sabata yathunthu kuti akwere ya Teodoro, ina ayi.

Ndiye inafika nkhondo, chaka cha 1965. Mabomba anayamba kukwiriridwa mumsewu, magalimoto n'kumayenda pamzere, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Amadeu anaona dzenje limodzi lokha la bomba, mowa unamuthera m'mutu, mwezi usanathe anali pa ulendo wa kwawo ndi karta yake m'thumba. Pa zipata zam'njira panaima anyamata obwera kumene kuchokera ku Ulaya, osadziwa Teodoro, osadziwa usipa. Iwo ankangotambasula dzanja, pepala.

Chemwali anaima kuseri kwa kantina. Faria anaitana Teodoro.

"Ndikudikira mpaka mvula yoyamba. Ukapanda kubwera ndi karta, ndiitana munthu wa ku Nampula. Lole sidya udzu, koma sibereka itagona. Wamva?"

"Sim, sinyoro." Yaifupi.

Musaganize kuti karta ankangopita kukayesedwa. Pankafunika pepala la sukulu, pepala la dokotala lonena kuti maso akuona, zithunzi zojambulidwa ku Vila Kabrale, ndi pepala la shefu, mkulu wa posto, lonena kuti munthuyu ndi wamakhalidwe abwino. Kuti upite kokajambulitsako pafunikanso pepala la ulendo. Tsono mapepalawa ankafa mosinthana. La dokotala likafika, la ulendo latha masiku. Ukakonza la ulendo, shefu wapita kutchuthi. Zinali ngati pakhomo pa mmphawi, ndiwo zikapezeka ufa watha. Teodoro anazungulira miyezi itatu, nsapato zinatha, koma mu Ogasiti anawagwirizanitsa onse m'kathumba kachikopa, n'kukwera pamwamba pa lole ya asilikali ngati thumba la chinangwa.

Woyesa anali mzungu wowonda, watsitsi lonona, amene anali asanathe chaka mu Niyasa. Anakhala kuseri kwa tebulo, kalaliki wachikuda ali pakona ndi cholembera. Mafunso oyamba anali a zikwangwani, ndipo Teodoro anawayankha ngati akuwerenga katekisimu. Kenako mzunguyo anatsamira mpando.

"Uli pokhota, kutsogolo sukuonako. Patsogolo pako pali galimoto yochedwa. Uipitirira?"

Teodoro anangotsala pang'ono kuseka. Funso la mwana! Anapendeketsa mutu, chala kuseri kwa khutu.

"Sim, sinyoro?"

"Ukutsika phiri ndi katundu. Ungachotse giya kuti usunge mafuta?"

Ha! Kumufunsa Teodoro Kalanje zimenezo. Anaikweza bwino kumapeto kuti bwanayo amve kuti akunena zamisala.

"Siim, sinyoro?"

Mafunso otere anali anayi. Atatuluka anakaima pakhonde akupukuta thukuta, mtima uli mbee, akudikira kuitanidwa ku mayeso a pamsewu. M'malo mwake anatuluka kalaliki uja. Anali Basilio, mwana wa kwathu konkuno, wa ku Chiwanga.

"Achimwene, mwagwa."

"Ndagwa pati?"

"Mwavomera kupha anthu kanayi."

"Ine? Iwe unali momwemo! Sunamve mmene ndinanenera?"

"Ndinamva, achimwene, ndinamva bwinobwino. Koma papepala palibe malo olembapo mmene mwanenera. Pali sim, pali nau." Basilio anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Mubwerenso ikatha miyezi itatu. Ndipo mvetsani, ameneyu amatchera misampha mpaka injini itazima. Musamuvomere chinthu cholakwika ngakhale akusekereni."

Kunyumba nkhaniyo inafika iye asanafike. Loweruka masana kunabwera bwenzi lake Muhidini, Msilamu wa ku Nkholongue wogula ndi kugulitsa nsomba, munthu wa pakamwa ngati wailesi. Anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mbwemba, Priska akupeta ufa wa chinangwa.

"Salamu kwa a motorista, adalaivala opanda pepala! Walahi, alamu, ndamva kuti mwalonjeza Boma kuti mudzagwetsa lole kuphiri."

"Khalani pansi a Shehe, kapena bwererani komwe mwachokera."

"Kamawu kamodzi! Mwana wanga wa zaka ziwiri amakanena tsiku lonse, ine osamutuma. Mlamu, tandipatsani ufawo."

Muhidini anatapa ufa n'kudzipaka kumaso mpaka m'makutu kuti akhale mzungu woyesa, anavula kofia, n'kukhala pa mtondo wovundikira, mwendo pamwamba pa unzake.

"Iwe, mwana iwe! Ungayendetse lole utaledzera?"

"Nau."

"Unganyamule nkhumba pamodzi ndi Asilamu?"

"Sim. Nkhumba kutsogolo."

"Wagwa! Mlamu, lembani kuti wagwa!"

Priska anaseka mpaka lichero linagwa. Koma kenako anatola licherolo, nkhope itasintha.

"Bambo a Lea, izi n'zamasewera. Uyu mukumukanira chifukwa akununkha usipa. Kakanireni a Faria."

Anayesa. Tsiku lililonse ankapita ku Metangula kukaliza injini ya Chemwali kuti isagone dzimbiri, ndipo tsiku lililonse ankakonza nau wake m'njira, kumunena kwa mitengo, kumunena kwa ng'ombe. Akafika pamaso pa Faria, zikhatho zinkayamba kutentha zokha, yotuluka n'kukhala sim yomwe ija. Zaka makumi awiri zinali zitapita chimumenyereni, koma manja anali asanaiwale. Inu amene mukuseka, munayamba mwagwirapo supuni ndi zigongono?

Zinatheka mu Okutobala. Faria anamenya tayala lakumbuyo ndi nsapato n'kufunsa ngati likadali labwino. Teodoro anayang'ana tayalalo, nsalu zake zam'kati zili pamtunda.

"Nau, sinyoro."

"Ndiye lisinthe," anatero Faria, n'kulowa m'kantina.

Basi. Thambo silinagwe, sipayi sanabwere. Teodoro anakhala pa chitsulo chokwerera n'kuyamba kuseka yekha ngati wamisala, misozi ikutuluka. Madzulo ake anakana chilichonse pakhomo. Madzi osamba, nau. Ndiwo zina, nau. Priska anati, "Mwachira, koma musazolowere."

Mu Novembala mitambo itayamba kusonkhana kutsidya, anakweranso. Pepala la dokotala anachita kukonzanso, la shefu linali litatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Woyesa anali yemwe uja. Misampha inabwera isanu, ndipo Teodoro anaiponda yonse. Nau, sinyoro. Nau, sinyoro. Pakona, Basilio ankalemba mutu uli pansi, koma phazi lake linkavina pansi pa tebulo.

Mayeso a pamsewu anayamba mochedwa, dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Lole inali ya Boma, yolimba chiwongolero, koma Teodoro anaimva msanga mtima wake. Anabwerera nayo chammbuyo pakati pa migolo osakhudza ndi umodzi womwe. Anaiimitsa pachitunda n'kuinyamulanso osabwerera m'mbuyo ngakhale chala chimodzi. Woyesayo analemba kanthu, n'kugwedeza mutu. Pobwerera m'tauni anaimitsa lole kuti atenge mnzake, mkulu wa asilikali wa nyenyezi paphewa, amene ankapita naye kukadya. Anakhala atatu kutsogolo, azungu awiriwo akukamba za nkhuku yootcha.

Patsogolo panali thirakitala yokoka mitengo, ikukwawa pachitunda, utsi uli tolotolo. Pamwamba pa chitundacho msewu unkakhotera kumanzere kuseri kwa gomo. Woyesayo anayang'ana wotchi yake.

"Ipitirire."

Teodoro anamwetulira. Nawu msampha womaliza uja ananena Basilio.

"Nau, sinyoro."

"Mayeso atha, wakhoza. Ipitirire, tachedwa."

Wakhoza! Koma injini inali ikulira, ndipo Basilio anati mpaka itazima. Komanso, tinene zoona, ngakhale pakanapanda Basilio, Teodoro sakanapitirira pamalo pamenepo. Zaka khumi ndi zitatu sanachitepo.

"Nau, sinyoro. Ndi pokhota. M'mawa uno mwandifunsa nokha."

Msilikali uja anaphulika kuseka, akumenya mnzakeyo pabondo. "Wakugwira! Wakuphunzitsa buku lako lomwe!"

Makutu a woyesayo anafiira. Anamenya chitsulo chakutsogolo ndi chikhatho.

"Ndikukulamula ine! Pitirira!"

"Nau!"

Anatuluka okha mawuwo, aakulu, opanda sinyoro kumbuyo kwake. Zaka makumi awiri anali atatsekeredwa, ndiye potuluka sanagogode. Msilikali uja anasiya kuseka. Anatembenuka n'kumuyang'ana Teodoro kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira.

"Kwanu n'kuti iwe?"

"Ku Msumba, sinyoro."

"Aa. Ku Msumba."

Chaka chimenecho dzina la Msumba linkanunkha m'mphuno mwa Boma. Anyamata ambiri a kumeneko anali atalowa m'tchire, aphunzitsi ena atatengedwa osabwerako. Munthu wa ku Msumba wokana lamulo la mzungu katatu, pamaso pa msilikali, sankafunikanso kufunsidwa zambiri.

Mukufuna kumva kuti pokhota paja panatulukira galimoto, azunguwo n'kuona kuti wawapulumutsa? Sipanatuluke kanthu. Msewu unali mbee, ngakhale galu. Anakwawa kumbuyo kwa thirakitala mpaka pamwamba, anafika, Teodoro anazimitsa injini. Azunguwo anatsika n'kulowa mu ofesi. Basilio anatuluka patapita nthawi, m'manja mulibe pepala.

"Akuti yankho mukalipeza ku posto kwanu."

"Koma anena okha kuti ndakhoza."

"Achimwene, ine ndinati musavomere cholakwika. Sindinati mukalipe."

"Ndiye ndikanatani? Tandiuza iwe wophunzira, ndikanatani?"

Basilio anangomugwira pamkono n'kubwerera mkati.

Funso limenelo liyankheni inu anzeru. Akanavomera, bwenzi atapitirira pokhota ndi woyesa ali pambali, ndipo ukanakhala msampha bwenzi atagwa kachiwiri. Anakana, ndiye izi. Khomo lina mkango, khomo lina ng'ona, kenako muzinena kuti munthu sanadziwe kusankha.

Ku posto kalata ya ku Vila Kabrale inafika tsiku limodzi ndi mvula yoyamba. Shefu anamuitana, anatenga pepala lija la makhalidwe abwino, analing'amba pakati, n'kuling'ambanso. Popanda pepala limenelo palibe amene akanamulola kukhalanso pa mayeso, kaya ku Vila Kabrale kaya kwina kulikonse. Anamutsekera masiku asanu ndi atatu akumufunsa amene anamuphunzitsa kukana. Zimene zinachitika m'masiku amenewo Teodoro sanauzepo munthu, ngakhale Priska. Anatuluka chifukwa Faria anapita kukachonderera, akuti munthuyu si wandale, ndi wa injini basi. Pamenepo Gwirapano tisamunamizire, anaima.

Koma lole sidikira. Munthu wa ku Nampula anafika Khirisimasi isanakwane. Dzina lake Valentim, Mlomwe wamng'ono thupi, wazaka makumi awiri ndi zitatu, karta yatsopano ili m'thumba la malaya. Sanali munthu woipa. Teodoro anamutenga n'kuzungulira naye Chemwali m'mawa wonse.

"Giya yachitatu imathawa ukatsika, uziigwira ndi bondo. Akatsokomola kawiri m'mawa usamukakamize, mpatse nthawi. Madzi uzimuthira pa Maniamba, ngakhale aoneke kuti sakufuna. Ndipo potsika, yachiwiri, usanafike potsetsereka, osati uli kale pakati."

"Ndamva, bambo."

"Sunamve. Bwereza."

Valentim anabwereza. Teodoro anamupatsa kiyi, anapukuta manja pa kabudula, n'kuuyamba wapansi kupita ku Msumba osacheuka. Faria anamuitana kuti atsale azikonza injini. Anakana ndi sim yokoka ija. Kukonza lole kuti wina akayendetse, iye anati kuli ngati kuphikira ukwati wa mkazi wako.

Muhidini anabwera komaliza mu Janyuwale, atamanga kale katundu kuthawa nkhondo.

"Alamu, tiyeni ku Likoma. Bwato lilipo. Kutsidya karta amayesa m'chinenero chathu, mukanena kuti iyayi amalemba iyayi."

"Amayi sangakwere bwato, a Shehe. Miyendo inafa."

"Tiwanyamula."

"Akuti afera pafupi ndi manda a bambo. Pitani. Mukafika mukadye nkhumba, palibe akakuoneni."

"Mulungu akukhululukireni pakamwa ponyansapo," anatero Muhidini, akupukuta m'maso ndi kofia. Sanaonanenso.

Anthu otsala Boma linawasonkhanitsa m'midzi yozingidwa ndi waya. Kupita kumunda ndi chilolezo, kupita panyanja ndi chilolezo, bwato osapitirira pamene msilikali akuliona. Teodoro anabwerera ku ntchito ya bambo ake, kusoka maukonde ndi kuwedza m'mbalimbali. Chaka chilichonse mvula ikatha ankavala malaya oyera n'kupita ku posto kukapempha pepala la makhalidwe. Mashefu anasintha katatu, koma kalata ija inali m'kabati, ndipo aliyense watsopano ankaiwerenga. Yankho linali lomwelo, chaka chamawa. Priska anasiya kumuchapira malayawo kuti mwina aleka. Ankachapa yekha.

Mu Febuluwale wa 1969 mvula inagwa masiku anayi osakata. Mzere wa magalimoto wopita ku Msumba ndi ufa wa asilikali unafika pa kamtsinje kena kufupi ndi Lunyo, ndipo lole yachitatu inamira m'matope mpaka m'mimba. Asilikali analowa m'mudzi kutola amuna okakankha. Teodoro anali m'gulumo, ndipo anaizindikira asanaione, pa kalizidwe. Anali Chemwali, utoto utasuluka, galasi limodzi litasweka. Valentim anali ataponda mafuta mpaka matayala anakumba manda awo.

"Leka! Leka, ukumupha!" anakuwa Teodoro.

Valentim anasuzumira pawindo, nkhope ili thukuta lokhalokha. Atamuona anatsika msanga.

"Bambo! Mulungu wakutumani. Kwerani, chonde. Pang'ono pokha, mpaka pa mchenga paja. Ine zandikanika."

Amuna onse anayamba kuvomereza. Kwerani a Kalanje! Asiyireni eni ake! Teodoro anayang'ana matope, anayang'ana matayala, ndipo anadziwa kale chochita: kubwerera pang'ono, kumugwedeza kawiri, yachiwiri, mafuta ochepa. Anatsuka manja m'chithaphwi. Anagwira chitseko, phazi lamanja linakwera pa chitsulo. Fungo la m'katimo linali lomwe lija, mafuta ndi usipa.

Msilikali wina, kamnyamata kosamera ndevu, anagogoda chitsekocho ndi mfuti. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

Valentim anayamba kufotokoza, kuti mkuluyu ndiye mwini msewu uno, kuti ndi pano ndi apo basi. Msilikaliyo anapukusa mutu. Galimoto ya mumzere wa asilikali, katundu wa asilikali, woyendetsa akhale wa pepala. Dzanja linali chitambasulire.

Teodoro anakhala choncho kanthawi, phazi lili pa chitsulo. Kenako analitsitsa. Anauza Valentim zochita, mawu ali pansi, kamodzi kokha. Anazungulira kumbuyo, analowa m'matope mpaka m'mawondo pakati pa amuna anzake, n'kuika phewa pa thabwa.

Valentim anabwerera pang'ono, anagwedeza kawiri, analowetsa yachiwiri. Matayala anamwaza matope kumaso kwa okankha onse, Chemwali anabuula, anatuluka. Mzere sunkaloledwa kuima m'njira, ndiye sanaime. Valentim anangotulutsa dzanja pawindo.

Amuna anayamba kubwerera kumudzi akuseka matope a anzawo. Teodoro anatsalira. Nsapato yake imodzi inali itatsala pansi pa matope, ndipo anawerama n'kuyamba kuifufuza ndi manja. Anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Anakhalanso ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo chiwongolero sanachigwirenso.